Tadala Wadzipereka

Sewero la pawailesi

Anthu ake:
A NAMAKHWA, mlimi wa ng'ombe imodzi ya mkaka, bambo ake a Tadala
ABITI SAIDI, oyandikana nawo nyumba, amagulitsa ndiwo zamasamba pa Nguludi Turn-off
TADALA, wophunzira wa chaka choyamba ku yunivesite

Malo: mudzi wina kufupi ndi Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Loweruka m'mawa.

(Tambala akulira. Mkaka ukugwera m'ndowa, tsoo, tsoo. Patali mbuzi. Mapazi a munthu wobwera ndi mlandu.)

ABITI SAIDI: Odi kuno! Eni mbuzi adzuka?

A NAMAKHWA: Tinadzuka nkhuku zisanatsike mumtengo, Abiti. Fikani. Mwadzuka bwanji?

ABITI SAIDI: Ndadzuka ndi ichi. Tachionani. Dzulo madzulo unali mpiru, lero wasanduka mswachi. Bedi lonse, bambo a Tadala! Pa Turn-off ndikagulitsa chiyani, mapesi?

A NAMAKHWA: Mbuzi ya pakhomo pa anthu ophunzira siidya chisawawa. Ngati inalowa m'dimba mwanu ndiye kuti imachita kafukufuku.

ABITI SAIDI: Kafukufuku wa mano?

A NAMAKHWA: Simungamve, achemwali. Pakhomo pano zinthu zinasintha chilowereni mwana ku yunivesite. Catholic University, pa Nguludi pompa. Chitsegulireni sukuluyo mu 2006 ine ndinkangodutsa pageti ndi chigubu cha mkaka panjinga, mutu uli pansi. Lero ndikafika pamenepo ndimaliza belu kawiri, adziwe kuti kukudutsa kholo.

ABITI SAIDI: Belu liti? Njinga yanu ija belu lake ndi pakamwa panu. Ndiye wa yunivesiteyo ali kuti, adzamange mbuziyi? Masabata atatu sindinamuone ku mjigo.

A NAMAKHWA: Simungamuone. Tadala wadzipereka.

(Mkaka wasiya kugwa. Phesi la mpiru lagwera pansi.)

ABITI SAIDI: Mwati bwanji?

A NAMAKHWA: Wadzipereka, ndatero.

ABITI SAIDI: (motsitsa mawu) Yekha?

A NAMAKHWA: Yekha, ndi miyendo yake. Palibe anachita kubwera kudzamutenga.

ABITI SAIDI: Mayo ine, mwana ndamuona akukwawa! Komabe wachita bwino. Amati ukapita wekha sakuvutitsa kwambiri.

A NAMAKHWA: Kumuvutitsa? Anamulandira ndi manja awiri. Mkulu wa kumeneko anaimirira n'kunena kuti, anthu ngati iwe ndi amene takhala tikuwasaka.

ABITI SAIDI: Ankamusaka!

A NAMAKHWA: Kuyambira ku Namadzi, kudutsa Mbulumbuzi, mpaka ku Namitambo. Dzina lake linali kale m'mabuku mwawo.

ABITI SAIDI: (mokuwa) Esinati! Iwe Esinati! Tula ndowayo. Thamanga ku mjigo ukauze amayi kuti Tadala wa a Namakhwa wadzipereka. Uwauze aphike kanthu, tikamuone.

A NAMAKHWA: Eya, thamanga mwana iwe! Udutsenso kwa amfumu. Nkhani ngati iyi si yobisa.

(Mapazi a mwana akuthamanga, kenako zii.)

ABITI SAIDI: Koma mulibe manyazi, achimwene?

A NAMAKHWA: Manyazi a chiyani? Ndinamuphunzitsa ndine.

ABITI SAIDI: Inu?

A NAMAKHWA: Ndi za m'magazi zimenezi. Malemu agogo ake anali chimodzimodzi. Pamaliro, paukwati, paliponse pamene pasonkhana anthu, manja awo sankakhala chete.

ABITI SAIDI: N'chifukwa chake mapoto ankasowa! Nanga anayamba liti mwanayu?

A NAMAKHWA: Kalekale, adakali ku sekondale. Nthawi ya Freddy, Malichi 2023, phiri litagumukira anzathu a kwa Ntauchira. Mukukumbuka katundu ankabwera ku makampu uja? Mabulangete, ndowa, matumba a ufa? Tadala ankanyamula chimenecho kuyambira m'mawa mpaka mdima. Matumba awiri ulendo umodzi.

ABITI SAIDI: Katundu wa anthu amene matope anawalanda ana ndi nyumba! Amenewo ndiye munasankha?

A NAMAKHWA: Nanga tikanasankha ndani? Pamene pagwa tsoka ndi pamene pali ntchito.

ABITI SAIDI: Mulungu akukumvani. Anali yekha?

A NAMAKHWA: Poyamba. Panopa ali ndi gulu, anthu khumi ndi awiri, anyamata ndi atsikana. Mtsogoleri ndi iyeyo.

ABITI SAIDI: Gulu! Ndiye ndinaona bwino Lachiwiri lija. Pa Turn-off, dzuwa lili pamutu, Tadala ali tsidya lino la msewu wa Midima, mnyamata wina ali tsidya linalo. Pakamwa tseke onse awiri, koma zala zikuvina. Uyu agwira chibwano, uyo aloza kumwamba, uyu apinda chala. Ine ndinakumbatira kachikwama kanga.

A NAMAKHWA: Chinenero chawo chimenecho. Amachita kuphunzira m'kalasi.

ABITI SAIDI: Mpaka kalasi? Fizi yonse ija mumagulitsira mkaka ndi ya zimenezo?

A NAMAKHWA: Ndipo amakhoza! Atha kukuuzani chilichonse inu muli pomwepo osamva kanthu.

ABITI SAIDI: Ndi mmene foni ya a Mbewe inapitira. Nanga yunifolomu amupatsa kale?

A NAMAKHWA: Tsiku loyamba lomwelo. Ndipo ikumukhala!

ABITI SAIDI: Akhalako nthawi yaitali bwanji?

A NAMAKHWA: Kuno zaka zinayi. Akachita bwino, ine ndikufuna amutumize ku Zomba akawonjezere.

ABITI SAIDI: Ku Zomba! Kumene kumapita akuluakulu okhaokha?

A NAMAKHWA: Kumeneko. Mwana wanga si wothera pa zing'onozing'ono. Ndimamuuza tsiku lililonse kuti mwayamba izi, muzichite moyo wanu wonse.

ABITI SAIDI: Moyo wonse. Bambo ake enieni. (akupenga mamina) Chabwino. Ine ndi inu timakangana za mbuzi, koma mwana ndi wa tonse. Ndimutengere chitenje ndi sopo. Ali ku polisi iti? Ya paboma, ya Namadzi kapena ya Namitambo?

A NAMAKHWA: Polisi?

ABITI SAIDI: Kumene wadziperekako.

A NAMAKHWA: Abiti! Inu! Kudzipereka kwake si kumeneko! Ntchito yongodzipereka, yothandiza anthu popanda malipiro, uvolontiya! Amaphunzira za uphunzitsi wa ana osamva ndi osaona, zala munaonazo ndi chinenero chamanja, ndipo katundu wa Freddy ankanyamula kupititsa kwa eni ake!

ABITI SAIDI: Ooo. Bwanji osanena?

A NAMAKHWA: Ndanena chiyani nthawi yonseyi?

ABITI SAIDI: Dikirani. Mwati popanda malipiro?

A NAMAKHWA: Ngakhale tambala.

ABITI SAIDI: Alawansi?

A NAMAKHWA: Palibe.

ABITI SAIDI: Fanta ndi banzi?

A NAMAKHWA: Tsiku lina anabwera ndi T-shirt.

ABITI SAIDI: Ndiye bola kupolisi komweko. Kumeneko nyemba amadya zaulere.

A NAMAKHWA: Mtima wanu uli ngati mulu wa tomato, chilichonse chili ndi mtengo.

ABITI SAIDI: Musandiphunzitse kudzipereka ine. Ndinadziperekapo zaka zitatu ku bungwe lina, sinditchula dzina. Kuyendera odwala m'midzi, kuwasambitsa, kuwakumbutsa mankhwala. Ndinatulukamo ndi ambulera imodzi, nayonso inathyoka mvula yoyamba.

A NAMAKHWA: Koma odwalawo ena ali moyo. Mu 2001, madokotala a MSF atayamba kupereka ma ARV pa chipatala cha Chiradzulu, m'madera ambiri a dziko lino anthu ankangomva mbiri yake. Mukuganiza kuti dokotala akanafika nyumba iliyonse yekha? Anafika ndi miyendo ya anthu ngati inu.

ABITI SAIDI: Musandinyengerere, mlandu wa mpiru ukadalipo. Ntchito yopanda malipiro kuno kwathu ili ndi dzina lake. Thangata. Ndipo inu Alomwe mukuyenera kulidziwa kuposa ine. Makolo anu atawoloka kuchokera ku Mozambique, si amene ankalima thonje la mzungu ku Magomero, kumunda wa Bruce, miyezi yathunthu osaona khobidi, akuti ndi lendi ya malo? Chilembwe anadzukira chiyani pa 23 Januwale 1915? Mutu wa Livingstone wa ku Magomero unadukira chiyani?

A NAMAKHWA: Ee, ee, pang'onopang'ono, pali ana pawailesi. Thangata poyamba linali liwu labwino, kuthangatana. Lero tilime kwanu, mawa kwanga, thobwa lili pamthunzi. Mzungu ndi amene analiika chikoti. Kusiyana kwake n'kumeneko: kuthangata umafuna wekha, thangata amakufunira wina. Ndipo poti mwatchula Chilembwe, tulutsani K2,000 muone nkhope yake.

ABITI SAIDI: Ndiitenga kuti, mbuzi yanu itadya?

A NAMAKHWA: Munthu ameneyo anali wantchito wa m'nyumba kwa Joseph Booth. Ganyu ameneyo! Mu 1897 anakwera naye chombo kupita ku America kukaphunzira. Sukulu imeneyo! Atabwera anamanga PIM ku Mbombwe, masukulu, tchalitchi, kuphunzitsa amayi kusoka. Kudzipereka kumeneko! Zitatu zonse munthu mmodzi, wa kuno konkuno. Tadala akungoponda m'mapazi.

ABITI SAIDI: Zitatu zonse tsiku limodzi? Ali ku Lynchburg kuja ankathamangira ku Mbombwe Loweruka lililonse kudzaimbitsa kwaya? Anakhala pansi, anawerenga, anabwerako mu 1900 zinthu zili m'mutu. Wanuyu akufuna America, Mbombwe ndi khitchini ya Booth zonse asanadye nkhomaliro.

A NAMAKHWA: Ana a masiku ano ndi achangu.

ABITI SAIDI: Achangu? Lachitatu ndinamupeza pa kabenchi kake ka Airtel Money ndi Mpamba kaja, pamene amagwira ganyu madzulo. Buku lili pamwendo, foni ili m'manja, mutu ukuwerama ngati mpendadzuwa wothyoka khosi. Ndinati, Tadala, nditumizire K5,000 kwa mwana wanga ku Limbe. Anadzidzimuka n'kundifunsa kuti, funso lachiwiri kapena lachitatu?

A NAMAKHWA: Ndiye kuti ngakhale m'tulo ali m'kalasi. Mwaona nzeru?

ABITI SAIDI: Manambala ndinachita kumuwerengera katatu. Tsiku lina adzatumiza ndalama za mwini benchi kwa munthu wa ku Karonga, ndiye mudzaona kudzipereka kwenikweni kuja ndimanena ine.

A NAMAKHWA: Pepani pakamwa panu.

ABITI SAIDI: Bweretsani lichero ilo. Ndi chimanga chija mwaanika.

A NAMAKHWA: Mukufuna kulipiritsa mpiru ndi chimanga changa?

ABITI SAIDI: Ndikufuna ndikuphunzitseni masamu a pamsika, poti a yunivesite akukanikani. (chimanga chikugwera pa lichero) Tsiku lili ndi maola angati?

A NAMAKHWA: Kwa anthu wamba, 24.

ABITI SAIDI: Kwa Alomwe?

A NAMAKHWA: Timawonjezera ndi kalongonda.

ABITI SAIDI: Maso a chimanga 24, awa. Tulo, asanu ndi awiri. Ndaika apa. M'kalasi amakhala maola angati?

A NAMAKHWA: Masiku ena anayi, ena asanu.

ABITI SAIDI: Asanu. Kuyenda wapansi kupita ndi kubwera, poti ya kabaza simumupatsa, awiri. Pa benchi, anayi. Kuwerenga payekha?

A NAMAKHWA: Ameneyo sachita kuwerenga. Amangoyang'ana buku, bukulo n'kugonja.

ABITI SAIDI: Iye mwini anandiuza kuti kumeneko si ku sekondale, kulibe wokulembera notsi pabolodi kapena wokuthamangitsa ndi belu. Mphunzitsi amayankhula ola limodzi n'kukusiyira mitu ya mabuku, zotsalazo ukafufuze wekha ku laibulale. Ndiika anayi, ndamuchitira chifundo. Tawerengani.

A NAMAKHWA: Seveni, thwelofu, fotini, eyitini... 22.

ABITI SAIDI: Atsala awiri. Asambe, adye, achape, akuphikireni inu amene simudziwa kumene kumakhala mthiko. Atha. Ndiye kudziperekako kulowa pati?

A NAMAKHWA: Tapatulani pa tulopo.

ABITI SAIDI: Ndapatula limodzi. La chiyani?

A NAMAKHWA: Ana osamva aja, Loweruka. Limenelo ndi lake. Lina, kwaya ya achinyamata, Lachiwiri ndi Lachinayi.

ABITI SAIDI: Lachiwiri.

A NAMAKHWA: Mlembi wa komiti ya mjigo.

ABITI SAIDI: Lachitatu.

A NAMAKHWA: Kuwerengera ndalama banki m'khonde ya amayi. Kuthandiza ku sukulu ya mkombaphala Lachisanu m'mawa. Kulemba mabuku a gulu lathu la alimi a mkaka, poti mlembi wathu maso anafooka. Ndi kulemba mayina a opereka chipepeso pakagwa maliro.

(Nkhuku: kokoko. Mapiko. Lichero lagwedezeka.)

ABITI SAIDI: Shii! Shii! Onani, nkhuku yanu yadya tulo totsalato.

A NAMAKHWA: Yatolanso limodzi la kalasi.

ABITI SAIDI: Isiyeni, ikuchita kafukufuku. Koma ndifunse, achimwene. Za mjigozo, Tadala anapita yekha kwa amfumu kukapempha ulembi?

A NAMAKHWA: Iye analibe nthawi. Ndinamuyankhulira.

ABITI SAIDI: Za mkaka?

A NAMAKHWA: Pamsonkhano anafunsa kuti ndani ali ndi mwana wodziwa masamu. Ndikanakhala chete, anthu aziti Namakhwa akubisa yunivesite m'nyumba?

ABITI SAIDI: Kwaya?

A NAMAKHWA: Abambo mfumu anangondiyang'ana, dzanja langa linakwera lokha.

ABITI SAIDI: Ndiye mwanayu sanadzipereke. Mwamupereka ndinu.

A NAMAKHWA: Ndi chimodzimodzi.

ABITI SAIDI: Mwanena nokha pompano. Kuthangata umafuna wekha, thangata amakufunira wina. Bruce wa m'mudzi muno ndinu, bambo a Tadala. Changotsala ndi chipewa.

A NAMAKHWA: Ine Bruce? Ine amene ndinagulitsa thole kuti alipire teremu yoyamba?

ABITI SAIDI: Ndiye tholelo lisapite pachabe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

A NAMAKHWA: Mwana wanga si pusi. Ndipo sakugwa. Mayeso apitawa anabwera ndi pepala lolembedwa 11 pa 40. Nambala 11, pa ana 40! Chaka choyamba!

ABITI SAIDI: Imeneyo si nambala, ndi malikisi. Anakhoza 11, ena 29 anapita ku mjigo.

A NAMAKHWA: Bodza. Mphunzitsi wake mpaka anamuuza kuti akapitiriza chonchi amupatsa supu.

ABITI SAIDI: Sapu! Mayeso obwereza, a anthu olephera! Ndipo ukalephera kwambiri amakuchotsa, ana a sukulu amati kuwidedwa. Amakuzula ngati chisoso m'munda.

A NAMAKHWA: Inu zimenezi mumazidziwira kuti, sukulu munalekezera sitandade 4?

ABITI SAIDI: Ndimawagulitsa tomato. Munthu akamasankha tomato wa K500 amaulula zonse. Enanso ali pa ngongole ya boma ija, ya bungwe loona za ngongole za ophunzira lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Ngongoleyo si mphatso, imadikira. Uwidedwe usawidedwe, dzina lako lili m'buku.

(Chitseko chikutseguka. Mapazi ofulumira, mapepala akugwa.)

TADALA: Ababa, mwaona chikwama changa? Mwadzuka bwanji, anganga?

ABITI SAIDI: Ndadzuka, mwana wanga. Ndiwe uli m'nyumba? Tayang'ana maso, ngati wadya tsabola.

TADALA: Ndagona 2 koloko, ndimalemba asayimenti. Ababa, ndili ndi mawu koma ndachedwa, ndinena mothamanga. Dzulo ndapita kwa amfumu ndabweza buku la mjigo. Kwa amayi a banki m'khonde ndaphunzitsa Esinati kuwonkhetsa, ayamba mawa. Kwaya ndawauza kuti ndidzabwera pa holide. Buku la mkaka lili pa mtondo apo, ndalemba mizere, muzingodzaza malita. Pa benchi ndagwirizana ndi eni ake kuti ndizikhala masiku atatu okha, ndipo sabata ya mayeso sindidzapezeka. Ndatsala ndi chimodzi, ana a Loweruka, maola awiri, chifukwa n'chimene ndikuphunzira ndipo ndinachisankha ndekha.

A NAMAKHWA: Koma mwana wanga, anthu aziti chiyani? Ndinalonjeza pagulu.

TADALA: Muwauze kuti ayi ndi yankhonso. Aphunzitsi athu akuti chaka choyamba ndi chophunzira kuphunzira, zina zonse zidikire tione kaye malikisi. Wina akadzafunsanso za mwana wodziwa masamu, manja muziika m'thumba.

ABITI SAIDI: Wamva wekha, Bruce. Ndipotu mwana wanga, usiyenso za Lowerukazo. Zaulere zimenezo zikupatsa chiyani?

TADALA: Anganga, Yusufu wanu ali kuti?

ABITI SAIDI: Ali kwa amayi ake. Amasowa Loweruka lililonse m'mawa, kaya amapita kuti. Mwana wosamva ndi wovuta kumufunsa.

TADALA: Amabwera kwa ine, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Mwezi wachitatu uno. Akudziwa zilembo zonse ndi manja, akuwerenga mpaka 50. Tikumukonzekeretsa kuti amayi ake akamufunsire malo ku Mary View, ku sukulu ya ana osamva pa Nguludi. Kodi masiku ano sakumagwira patsaya kawiri akakuonani, kenako n'kupinda dzanja ngati wanyamula dengu?

ABITI SAIDI: Amatero. Ndimayesa dzino likumuwawa. Ndinamupaka mpaka mchere.

TADALA: Ndi dzina lanu limenelo. Anakupatsani yekha. Patsaya ndi kadontho kanu ako, dengu ndi la tomato. Akukuitanani, anganga.

(Kanthawi kachete. Nkhuku patali.)

ABITI SAIDI: Zaka zisanu ndi ziwiri mwana uja sananditchulepo.

A NAMAKHWA: Mulipire alawansi.

ABITI SAIDI: Khalani chete inu. Tadala, ndikafuna kumuyankha kuti ndamva, nditani?

TADALA: Mubwere 9 koloko pa mango paja mudzaphunzire limodzi ndi makolo ena. Ndathamanga! Ababa, mbuzi ili m'dimba mwa anganga kachiwiri.

(Mapazi akuthamanga, akuzilala.)

A NAMAKHWA: Mwamumva mmene amayankhulira? Mfundo pamwamba pa mfundo, osapuma. Ndondomeko yonseyo ndinamupangira ndine.

ABITI SAIDI: Inu mwangotsala ndi buku la mkaka pa mtondo.

A NAMAKHWA: Ndilemba. Vuto ndi lakuti seveni wanga amafanana ndi wani. Abiti, inu masamu a pamsika mumawatha. Pamsonkhano wa mawa ndikangokweza dzanja n'kunena kuti pali mayi wina woyandikana nane...

ABITI SAIDI: Dzanja limenelo likakwera, ndilithyola. Mundipereke ine? Kaye lipirani mpiru.

(Patali mawu a amayi ambiri akubwera, ena akulira motsitsa. Mbale zikugundana m'madengu.)

A NAMAKHWA: Kwagwa maliro kodi? Bwanji akulowera kuno?

ABITI SAIDI: Mayo! Esinati! Tinaiwala kumubweza!

A NAMAKHWA: Mudzi wonse uwo. Amfumu ali patsogolo, avala jekete la milandu.

ABITI SAIDI: Ndipita ndikawauze kuti ndinamva molakwa.

A NAMAKHWA: Taimani kaye. Mai Mbewe asenza chiyani pamutupo?

ABITI SAIDI: Bakuli la nsima. Winayo wanyamula poto.

A NAMAKHWA: (akununkhiza) Nkhuku imeneyo, Abiti. Yokazinga ndi anyezi.

ABITI SAIDI: Ndi ya mkaidi!

A NAMAKHWA: Mkaidi wapita ku mango. Khalani pamkekapo, mugwire kumutu. Muwauze tikasamba m'manja kachiwiri.

AMAYI: (pafupi) Odi kuno! Pepani, bambo a Tadala, pepani!

A NAMAKHWA: (ndi mawu osweka) Fikani, amayi, fikani. Poto ameneyo muike pamthunzi apa, pafupi ndi ine.

(Mbuzi ikulira m'dimba. Nyimbo yotsekera.)